Mabowo Opendekeka a Khoma la ku Area 10

Tayesani kulota. M'nyumba ina ku Area 10 muli khoma loima pakati pa chipinda chochezera, lomangidwa ndi mabuloko a simenti okhala ndi mabowo. Mabowowo sanawongoke. Onse, mazana awiri ndi makumi anayi, anapendekera mbali imodzi, kutsetsereka kuchokera kum'mawa kutsikira kumadzulo. Kodi anawapendeketsa chifukwa chiyani?

Alendo ayesa mayankho ambiri. Wina anati ndi chifukwa cha mvula, ataiwala kuti khomalo lili m'kati mwa nyumba. Wina anati ndi njira yokokera mphepo. Mnzanga wina wophunzira zomangamanga analijambula chithunzi, nanena motsimikiza kuti nzeru imeneyi inachokera kunja kwa dziko. Onsewo anaphonya. Inenso, wokhala m'nyumbamo komanso wojambula mapulani, ndinatha milungu itatu ndisakudziwa.

Dzina langa ndine Reinford Mkanda. Ndinabadwira m'tauni yakale ya Lilongwe, kumene bambo anga ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Nyumba za ubwana wanga zinali za njerwa zofiira ndi malata a dzimbiri, mazenera ake ang'onoang'ono ngati akuumira dzuwa. Ndinkazikonda monga mmene munthu amakondera malaya akale. Koma likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, tchire la tsidya la Lingadzi, limene tinkakumbako mbewa, linayamba kumera nyumba zosanjikiza. Ndinkayenda wapansi kuchokera kumsika kukafika ku City Centre kuti ndikangoima n'kumayang'ana. Makoma oyera otalika, mizati yoonda yonyamula madenga olemera, magalasi oyambira pansi kukafika pamwamba, misewu yotakata yokhota modekha ngati mtsinje wa m'chigwa. Ndinalumbira mumtima kuti dzanja langa lidzakhudzako ntchito imeneyi, ndipo zinatheka. Pofika chaka cha 1982 ndinali wojambula mapulani wamkulu pa kampani ina ya akatswiri a zomangamanga, ndipo kampaniyo inandipatsa nyumba ku Area 10.

Nyumbayo anaijambula ndi bwana wanga mwini, mzungu wachikulire amene ankadana ndi zitseko. Pakati pake panali chipinda chimodzi chachikulu, chochezera ndi chodyera pamodzi, chopanda chotchinga chilichonse. Mbali ya kum'mawa kunali khitchini, kachipinda ka alendo ndi khoma lonse lagalasi loyang'ana kumaluwa. Mbali ya kumadzulo kunali khomo lolowera ndi chipinda chathu chogona. Kulikonse kumene munthu ankapita, ankadutsa m'chipinda chachikulucho. M'mawa dzuwa linkadzaza nyumba yonse ngati madzi m'mbiya. Ine ndinkanyadira kwambiri, mwina mopitirira.

Mkazi wanga Immaculata anali woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chitatu. Mimba yake yoyamba inapita padera, choncho dokotala anatichenjeza zinthu ziwiri: asagwire ntchito yolemetsa, ndipo asatalikire chipatala chachikulu. Ku Area 10 mnansi wako amakhala kuseri kwa mpanda, sudziwa n'komwe dzina lake. Ine ndikapita kuntchito, Immaculata ankatsala yekha ndi mantha ake. Tinatumiza mawu kwa amayi ake, a Nankhoma, amene mudzi wawo uli mtunda wa maola awiri wapansi kuchokera pa Mitundu.

Tsono kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira m'tchire. Akafuna kuuzana kanthu, mawu amadzera mwa munthu wina. Si chidani ayi, ndi ulemu waukulu umene munthu angapereke. Ine zimenezi ndinkazidziwa bwino. Tsiku lokawatenga ku depoti ya basi ndinapotoza galasi loonera kumbuyo m'galimoto kuti liyang'ane kudenga, iwo nakhala kumbuyo kwanga kwenikweni. Za galimoto ndinaganiza, koma za nyumba sindinaganize.

Pobwerera ndinazungulira dala ku City Centre. Ndinachepetsa liwiro pafupi ndi nyumba yatsopano ya banki yaikulu ya dziko, ija yopapatiza pansi n'kumanka itambalala pokwera. Alendo ambiri akaiona amafunsa ngati siidzagwa. Apongozi analankhula ndi mwana wawo.

"Iwe Makulata, uwauze amuna akowa kuti amene anamanga iyi anakulira pankhokwe. Pansi pochepa, pamwamba potambalala. Khoswe akwera bwanji? Ndipo taona, nyumba yapamwamba ikupereka mthunzi kwa yapansi, ngati mayi ndi mwana."

"Akuti anakulira pankhokwe," anatero Immaculata, ngati kuti ine ndinalibe makutu.

"Uwauze kuti aona zimene ena ophunzira saona," ndinayankha, mtima uli mbee. Ndinaganiza kuti munthu wa diso lotere akaikonda nyumba yanga.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinayatsa magetsi kunja kutangoyamba kuda. Apongozi anali atakhala pamphasa pafupi ndi khitchini, atandifulatira monga mwa mwambo, nkhope italoza kukhoma lagalasi. Ine ndinali pampando mbali yanga. Nditakweza mutu, maso athu anakumana. Galasi lija, kunja kutada, linali litasanduka kalilole. Anafuula pang'ono, nafunda chitenje kumutu, n'kukwawira kukhitchini.

Kuyambira pamenepo nyumba yanga yokongola inasanduka msampha. Kuti afike kuchipinda chimene mwana wawo ankagona, apongozi ankayenera kudutsa mbali yanga. Ndinkatsokomola ndisanatuluke, koma m'chipinda chachikulu chija mawu ankamveka ngati akuchokera mbali zonse, moti kawiri anathawira kumene ine ndinkachokera. Tsiku lachitatu anatulutsa mphasa yawo nakakhala pansi pa mtengo wa msuku umene omanga anausiya kuseri kwa nyumba. Ankalowa pokhapokha akamva galimoto ikutuluka pachipata.

Lachitatu madzulo Immaculata anandiitana, maso ali ofiira.

"Akuti ino si nyumba, ndi bwalo lofolera. Akuti munthu sangakhale pabwalo mwezi wathunthu."

"Ndiye akufuna kutani?"

"Lole ya a Lexon, ija imabweretsa nyemba kumsika, idzawatenga Loweruka la sabata yamawa. Akuti tipitire limodzi, ndikachirire kumudzi."

"Kumudzi? Dokotala ananena chiyani paja?"

"Ndikudziwa zimene ananena, Reinford. Koma inu mumachoka m'mawa. Zikandiyamba ndili ndekha, ndidzaitana ndani? Maluwa anuwa?"

Immaculata akapita, akakhala kutali ndi chipatala. Akatsala, atsala yekha. Ndinali ndi masiku khumi.

M'mawa mwake ndinabweretsa matabwa opyapyala n'kudula chipindacho pakati. Maso anatchingika, koma mbali yanga inachita mdima ngati mosungira katundu, ndipo kutentha kwa Okutobala kunaunjikana m'menemo mpaka Immaculata anayamba chizungulire. Apongozi anangosuzumira kamodzi n'kubwerera kumsuku. Anati tsopano zafika poipa, chifukwa munthu sadziwa chimene chikumudikira kuseri kwa thabwa. Bwana wanga nayenso anabwera kudzaona, nagwira m'chiuno.

"Ndinakupatsa kuwala, iwe wakutsekera m'bokosi," anatero. "Chotsa izi. Ngati ukufunadi khoma, likhale la mabuloko a mabowo, kuti nyumba izipuma."

Ndinajambula pulani yokongola, mabowo a ngodya zinayi, ang'onoang'ono, oongoka bwino ngati a pa nyumba za maofesi zimene ndinkasirira. Ndinapita nayo m'tauni yakale. Ndinaonetsa khadi la chipani pachipata cha msika, n'kudutsa pakati pa ogulitsa usipa ndi okhoma zidebe, mpaka kuseri kwa mzikiti kumene a Hamdani ankaumba mabuloko. A Hamdani anali mnzawo wa malemu bambo anga, nkhalamba ya ndevu zoyera ndi kofiya yothimbirira ndi simenti. Mabuloko ambiri amene ankakongoletsa nyumba za tsidya la Lingadzi anatuluka m'zikombole zamatabwa za anthu ngati iwowa, ngakhale kuti mayina awo sanalembedwe paliponse.

"Eee, mwana wa a telala! Lero wakumbukira kuti kuno kuli anthu? Tinamva kuti ukukhala kumene agalu amakwera galimoto."

"Ndabwera ndi vuto, bambo."

"Akabwera ndi chimwemwe amapita kuhotela. Khala apa, usadetse buluku."

Ndinafotokoza zonse n'kutambasula pepala. Analiyang'ana nthawi yaitali, akusisita ndevu.

"Dzanja lako ndi labwino. Koma bowo ndi zenera, mwana wanga. Lichepe ngati la singano, diso lilowa basi."

"Ndayeza bwinobwino, bambo. Munthu ataima patali sangaone kanthu."

"Nanga akayandikira? Tandiuza, khomali ndi la yani?"

"Langa."

"Amene akugona pansi pa msuku ndiwe?"

A Hamdani anapitiriza.

"Telala amayeza mwini malaya. Bambo ako sanakuphunzitse zimenezi? Mawa ndikupita kukayeza."

Anapitadi pa njinga yawo, ine ndili kuntchito. Immaculata anandiuza kuti akuluakulu awiriwo anakhala pansi pa msuku kwa ola lathunthu. Apongozi anatola kachidutswa ka nsungwi, n'kumasuzumira m'kati mwake akukapendeketsa uku ndi uku, kenaka n'kupatsa a Hamdani kuti nawonso asuzumire. Pomaliza onse anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Amakambirana chiyani?" ndinafunsa.

"Za akuluakulu. Ine anandituma madzi akumwa."

Mabuloko anafika Lachinayi la sabata yotsatira, atathiriridwa madzi masiku asanu kuti alimbe. Nditanyamula limodzi, mtima unandiwawa. Bowo lake linali lopendekeka, kukamwa kwina pamwamba, kwina pansi.

"Bambo, chikombole chanu chapindika!"

"Chikombole changa n'chachikulu kuposa iwe, ndipo sichinanamepo. Tasuzumira."

Ndinasuzumira. Mbali ina ndinaona thambo, mbali inayo ndinaona dothi. Ndinavomera kuti bowo lopendekeka limatchinga maso kuposa langa loongoka. Koma pomwepo nzeru ya kusukulu inandibwerera.

"Chabwino. Ndiye tizisinthanitsa. Mzere wina uziloza pansi, wina pamwamba. Khoma lidzaoneka ngati lolukidwa."

"Onse mbali imodzi," anatero a Hamdani. "Kukamwa kwapamwamba kwa amayi, kwapansi kwa iwe."

"Chifukwa chiyani? Kutchinga n'chimodzimodzi."

"Ukufuna mkazi wako akwere lole mkuja?"

Mmisiri wawo, a Yunusu, bambo wosalankhulalankhula, anayamba kumanga tsiku lomwelo. Lachisanu masana a Hamdani anakwera njinga kupita kumzikiti, ndipo a Yunusu anatsala kuti simenti yosakaniza kale isaume. Ine ndinapezerapo mpata. Ndinawanyengerera kuti atembenuze mizere iwiri yapakati, ingokhala ngati lamba wokongoletsa. Kunena zoona zinkaoneka bwino. A Hamdani atabwerera anaima pakhomo osavula n'komwe nsapato.

"Yunusu, ndakusiya ola limodzi, wayamba kumvera ana?"

"Ati ndi eni nyumba."

"Eni nyumba ali pansi pa msuku. Gwetsa."

"Bambo, mizere iwiri yokha," ndinadandaula.

"Mwana wa a telala, tsidya lino mwamanga zinthu zimene ine sindinalotepo. Ndikadutsa pa banki paja ndimatsika njinga kuti ndione bwino. Pamenepo ndikugwadira. Koma lero gwada ndiwe. Gwetsa, Yunusu, simenti isanagwire."

Anagwetsa. Khomalo linatha dzuwa likulowa, lotalika kupitirira mutu wa munthu, litasiya mpata wodutsira kumapeto kwake.

Loweruka m'mawa lole ya a Lexon inaliza hutala pachipata. Mtolo wa apongozi unali utamangidwa kale, ndi chikwama cha Immaculata pambali pake. A Hamdani, amene anafika mbandakucha, anandiuza kuti ndiime mbali yanga. Ndinamva chitseko cha kukhitchini chikutseguka, kenaka mphasa ikuyalidwa kuseri kwa khoma. Ndinayang'ana m'mabowo, koma ndinangoona denga loyera la mbali inayo.

"Tayendayenda," anatero a Hamdani.

"Ndipite kuti?"

"Kulikonse. Pita kukhomo, bwerera, khala pampando, dzuka. Ngati munthu wa m'nyumba mwake."

Ndinayenda ngati chitsiru, uku ndi uku. Hutala inaliranso. Kuseri kwa khoma kunali zii. Ndinaganiza za msewu wa ku Mitundu, mabampu ake, ndi mkazi wanga atakhala pamatumba kumbuyo kwa lole. Kenaka ndinamva kaphwete kakang'ono, ndi mawu a apongozi.

"Makulata, kawauze a Lexon azipita. Akawapatse moni akumudzi."

Ndinakhala pansi. Ndipo ndi pamene ndinaona chimene chinachitikira nyumba yanga. Dzuwa la m'mawa, litalowa pagalasi la kum'mawa, linkatsetsereka m'mabowo muja n'kugwera pansi mbali yanga, timadontho ta kuwala mazana awiri ndi makumi anayi, tondandalikana ngati mawanga a nkhanga. Mphepo yochokera kumaluwa inkadutsa mosavuta. Chipindacho chinali chidakali chimodzi, koma chinali ziwiri. Bwana wanga atabwera Lolemba anaima pamenepo, kenaka anatulutsa kabuku kake n'kuyamba kujambula. Anandifunsa chifukwa chimene mabowo onse analozera mbali imodzi. Ndinayankha kuti ndi chifukwa cha kuwala, poti ndinachita manyazi kunena kuti sindikudziwa.

Milungu itatu yotsatira inali ya mtendere. Mbali ya kum'mawa inakhala ya apongozi, ndipo ine sindinkapondako. Sitinakumanenso ngakhale kamodzi. Ndikakhala pampando, iwo sankadutsa. Ndikangotuluka kupita kugalimoto, ndinkamva chitseko cha kuchipinda kwa Immaculata chikutseguka. Ndinasiya kutsokomola, komabe sanaphonyepo. Ndinauza mkazi wanga kuti amayi ake ali ndi makutu a mphaka. Iye anangomwetulira.

Linali Lamulungu masana, mu Novembala, mitambo ya mvula yoyamba ikusonkhana cha ku Dedza. Titabwerako kutchalitchi ndinavula nsapato chifukwa cha kutentha, n'kukhala pampando ndi nyuzipepala. Immaculata anali atagona pamphasa mbali ya amayi ake, kumene kunkapita kamphepo. Mwadzidzidzi mawu anadutsa m'khoma, otsika koma olimba.

"Bambo."

Chikwatirire mwana wawo, aka kanali koyamba kuti andilankhule okha, popanda wodutsiramo mawu. Nyuzipepala inagwa.

"Wawa, amayi."

"Valani nsapato. Nthawi yakwana."

Ndinathamanga nazo m'manja. Msewu wotakata uja, umene ndinkaukonda chifukwa cha kukhota kwake, tsiku limenelo ndinaukonda chifukwa unalibe bampu ngakhale limodzi. Tinafika kuchipatala m'mphindi zosakwana khumi ndi zisanu. Zinali zovuta, ndipo namwino anandiuza pambuyo pake kuti tikanachedwa ndi ola limodzi nkhani ikanakhala ina. Dzuwa lisanalowe, mvula ikuyamba kudontha pamalata, mwana wathu wamkazi Bernadetta analira.

M'mawa mwake ndinabwerera kunyumba ndekha. Apongozi anali atatsala kuchipatala kudikirira, ndipo anatumiza mawu kuti ndikatenge beseni ndi zitenje m'kachipinda kawo. Ndinadutsa pampata uja koyamba chimangire khomalo. Mphasa yawo inali pomwe anaisiya, pafupi ndi khoma. Ndikuwerama kuti ndiipinde, funso limene chipwirikiti cha dzulo chinaliphimba linandifikira: anadziwa bwanji kuti sindinavale nsapato?

Ndinakhala pamphasapo monga ankakhalira iwo, n'kuyang'ana m'bowo limodzi. Ndinaona miyendo ya mpando wanga. M'bowo lina ndinaona nyuzipepala ija ili pansi pamene inagwera, ndi masokosi anga pambali pake. M'bowo linanso ndinaona m'munsi mwa chitseko cholowera. Ndinaimirira n'kuyesa mabowo apamwamba, kenaka a kumapeto. Pansi ponse pa mbali yanga pankaoneka, kuyambira kukhomo mpaka kuchipinda chogona, koma panalibe bowo loonetsa chinthu chopitirira bondo la munthu.

Mabowo aja anawapendeketsa chotero kuti apongozi aziona mapazi a mkamwini wawo, osaona nkhope yake.